Ndevu Zimene Ennie Anandisiyira

George Compound,
Lusaka.
14 Marichi 2026.

Okondedwa akulu anga a Silas,

Chonde musaimbenso foni kwa apongozi anga ku Lilanda musanamalize kuwerenga kalatayi. Ndayamba ndi pempho ndisanakufunseni n'komwe za moyo, mundikhululukire, mtima wanga sukukhazikika. Kuyambira m'mawa ndakhala pansi kanayi, kanayi konse ndanyamukanso. Ndapita ku kiyosiki kukatunga madzi zigubu zonse zili zodzaza. Ndasesa pakhomo pamene mwana wanga Tionge anasesa kale. Malaiti anapita mbandakucha, ndiye pano ndakhala pakhonde, pepala pa bondo, kuti zimene zimandikanika pa foni mwina cholembera chindinenere. Pajatu inu pa foni mumayankhula ngati sairini, munthu asanatsegule pakamwa inu mwafika kale pamalo a ngozi.

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukuvutanibe mukakwera makwerero? Ife kuno tadzuka. Mvula yachepa, koma matope a mu George inu mumawadziwa, sachoka msanga.

Mauthenga anu a mwezi wa Novembala ndidakali nawo onse. Munandiuza kuti kumalo opangira magetsi a nyukiliya kumene mukugwirako ntchito kunabwera akatswiri oyendera, ndipo anati gulu lanu lothandiza pa ngozi ndi lochepa. Munati tsopano akumanga nyumba yatsopano yolamulirako zinthu ngozi ikagwa, ya zipupa zochindikala kuposa kutalika kwa mkono wanga, yokhala ndi majenereta akeake ndi matanki akeake a madzi. Misewu yolowera aipanga iwiri, kuti wina ukatsekeka wina ugwire ntchito. Kachipatala kotsukirako anthu amene akhudzidwa ndi poizoni wosaonekayo akakulitsa. Ozimitsa moto pa shifiti iliyonse achoka pa asanu ndi mmodzi kufika pa khumi ndi awiri. Ndipo pa malo atsopanowo inu munapereka dzina langa, n'kuuza abwana anu kuti mng'ono wanu wagwira paipi zaka khumi ndi zitatu mu Lusaka muno osathawapo moto.

Tsiku limenelo ndinaseka ndekha. Anthu akumanga nyumba, kulemba antchito, kuyeserera mwezi ndi mwezi wotchi ili m'manja, zonsezo chifukwa cha ngozi imene mwina sidzachitika mpaka onsewo adzapume pa ntchito. Koma sindinaseke nthawi yaitali. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo zimenezo ine ndimazidziwa bwino kuposa abwana anuwo.

Ku maliro a mlamu wanu Ennie simunathe kubwera, ndipo ine sindinakufotokozereni bwinobwino mmene zinakhalira. Linali Lachitatu masana, mu Januwale chaka chatha, mvula itagwa masiku atatu osakata. Ine ndinali ku ntchito, tikulimbana ndi nyumba yosungiramo katundu imene inkayaka kumafakitale. Kuno mphumu ya Ennie inamugwira, kampope kake ka mankhwala katatha. Aneba anaimbira ambulansi, ndipo inabweradi, koma inaima pamene pathera tala chifukwa madzi m'tinjira tathu anali ofika m'mawondo. Anamunyamula pa wilibala ya munthu wogulitsa madzi. Kuchoka pakhomo pano kukafika pa tala ndi mphindi khumi kukauma. Tsikulo zinatenga mphindi makumi anayi, ndipo pofika anapeza atasiya kale kupuma. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi botolo la mpweya kumsana, lodzaza, mkazi wanga akusowa mpweya wa mphindi imodzi. Ndikamawerenga za misewu yanu iwiriyo, akulu, chimene ndimaona ndi wilibala ija.

Ndiye ntchitoyi ndinkaifuna, musakayike. Ndinkafuna ndikaone ndi maso anga malo amene anthu amakonzekera tsoka lisanafike. Mapepala ndinadzaza, kwa dokotala ndinapita, kuthamanga ndi katundu kumsana ndinakhoza. Chinatsala chinali chimodzi chokha, kuyeza masiki. Munandiuza nokha kuti kwanuko munthu sangalembedwe m'gulu lothandiza pa ngozi ngati masiki yopumira siikugwira nkhope yake bwinobwino.

Pa 27 Febuluwale ndinapita ku ofesi ya m'tauni imene anaipatsa ntchito yoyeza ife a kuno. Mayi woyezayo anangondiyang'ana kamodzi n'kubweza masiki m'bokosi.

"Ba bosi, na ndevu izi sitingayambe," anatero. "Mphepo ipita pakati pa sisi. Kwamene muyenda kuja, chamene chizangena mu masiki simuzachiona, simuzachinunkhiza. Mukagele, mubwele pa satini Malichi. Ndiye lasiti, mapepala yayenda siku yamene iyo."

Inu simunandione chaka chonsechi koma pa zithunzi zakale, ndipo mukaimba foni ya kanema ndinkanena kuti kamera inafa. Ndevu zanga zinali zitafika pa batani lachiwiri la malaya. Ku siteshoni, ba Kabaso, mkulu wa shifiti yathu, anandichotsa kutsogolo n'kundiika pa pampu kuti ndisamavale masiki. Ankandimvera chisoni, koma pakamwa pawo sipankapuma. "Mudala, ivi vindevu uzavichosa liti? Uoneka monga mupulofeti wa ku Matero. Siku ina bantu bazayamba kukupasa chopeleka."

Madzulo a tsiku loyezalo munandiimbira, ndipo ndinakuuzani kuti vuto ndi apongozi. Ndinati amake Ennie anandilamula pa maliro kuti ndisamete tsitsi kapena ndevu mpaka akuchikazi adzandimete okha n'kundimasula, monga amachitira kwawo ku Katete, ndipo kuti mpaka pano akukana. Ndinati ndawapempha, ndawagwadira, koma iwo akuti nthawi sinakwane. Inu munapsa mtima, ine n'kumavomereza kuti eya, mwambo ndi wovuta.

Akulu anga, theka la mawu amenewo linali loona. Theka linalo ndinakunamizani.

Zoti ndisamete mpaka adzandimete anandiuzadi. Koma tsiku anaika mu Ogasiti, ndipo a Dixon, malume ake a Ennie, anakwera basi kuchokera ku Katete kudzandimeta. Ine ndinapempha mnzanga kuti tisinthane shifiti, n'kutumiza uthenga ku Lilanda kuti abwana andikaniza. Anaikanso tsiku mu Okutobala. Ndinati Tionge akudwala malungo, pamene mwanayo anali kusewera waida kuseri kwa nyumba. Kachitatu munali mu Januwale, chaka chitakwana. Ndinavala bwinobwino, ndinakwera minibasi, koma titafika pa siteshoni ya Lilanda miyendo inakana kutsika. Kondakitala anafuula dzina la malowo kawiri akundiyang'ana, ine maso pawindo. Ndinapitirira mpaka m'tauni, n'kumangozungulira m'misika mpaka dzuwa kupendeka. A Dixon anabwerera ku Katete atalumbira kuti sadzakweranso basi chifukwa cha chibwano cha munthu wina.

Milungu iwiri imene anandipatsa mayi woyeza uja ndinaitha chimodzimodzi. Ndinkanyamuka kupita kwa wometa wa pa kona, ndikapeza malaiti kulibe mtima unkakhala m'malo. Tsiku lina malaiti analipo, pampando palibe munthu, ine n'kudutsa ngati ndikuthamangira kwina. Ndinagula lezala pa kantemba, linakhala m'thumba la malaya mpaka pepala lake linanyowa ndi thukuta. Dzina lanu munaliika pa ine, malo amandidikira, tsiku likuyandikira, koma ine ndinkangoyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza Lachinayi lapitali. Sindinadziwe kuti Lachitatu munaimbira apongozi.

Cha m'ma leveni ndinali pakhomo, nditachoka ku ntchito m'mawa womwewo, pamene ndinawaona akubwera m'kanjira kathu, akulumpha zithaphwi, kajumbo kakuda m'manja. Tomato wawo pa msika anamusiyira mnzawo, chinthu chimene sachita ngakhale pa Khirisimasi. Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi. Zaka khumi ndi chimodzi sindinawagwirepo chanza, sindinadyepo nawo mbale imodzi, tikamayankhulana iwo amakhala uko atayang'ana kumbali, ine kuno. Tsikulo sanakhale uko. Anakoka kampando n'kukhala patsogolo panga penipeni, mawondo athu kutsala pang'ono kugundana.

"Atate ake a Tionge," anatero, "akulu anu andiimbira kuchokera kunja. Ayankhula mwaulemu ndithu, koma mawu ake ndawamva. Akuti ndamanga mwana wa eni ndi mwambo. Akuti ndikufuna mukalambire pa George pano. Ine ndangoti zikomo, ndamva. Sindinawauze kuti mlongo wanga wakwera basi katatu. Ndati ndiyambe ndadzafunsa mwini ndevu."

Ndinayang'ana pansi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

"Ndakulakwirani chiyani?" anafunsa.

"Palibe, amama."

"Nanga mwana wanga anakulakwirani chiyani, kuti mumukanize kupuma chaka ndi miyezi iwiri?"

Apa ndi pamene ndinanena chimene sindinauzepo munthu aliyense, ndipo pano ndikuuza inu. Makina a ometa amanditulutsa tiziphuphu, ndiye chikwatirane Ennie ndi amene ankandimeta, Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, pakhonde pomwe ndakhalapa. Lamulungu lomaliza lezala linali lobuntha. Anameta masaya, pansi pa chibwano n'kusiyako pang'ono, ndipo anati, "Izi tizamaliza pa Sande, nizagula ina." Lachitatu lake ndi lija la wilibala. Ndevu zimenezi zinamera pamene panadutsa dzanja lake komaliza. Ndinkaona ngati ndikazichotsa ndiye kuti ndavomera kuti Sande ija sidzafika.

Apongozi anamasula kajumbo kaja. Munali sizasi, sopo ndi malezala awiri atsopano.

"Malume ake sabweranso," anatero. "Bweretsani madzi m'beseni."

"Amama, inuyo? Anthu adzati chiyani?"

"Mwana wanga ndinamusambitsa ndekha tsiku lomuika. Ndevu zanu sizingandiopse. Ndipo mukuganiza kuti kumeta anakuphunzira kuti? Atate ake ndinawameta ine zaka makumi atatu, iye ataima pambali atagwira sopo."

Nyumba yathu mukuikumbukira, yayang'anizana ndi kiyosiki. Amayi amene anali pa mzere wa madzi anasiya kukangana, onse maso kuno. Wina anayankhula mokweza dala kuti, "Imwe, bapongozi bagwila mukamwini ku menso? Ivi ni vachilendo." Apongozi sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Tapani manzi, pompi ivala fotini." Mzere wonse unabwerera ku zigubu zake, kuopa kuti mpopi ungatsekedwe asanatunge.

Anayamba ndi sizasi, kumutu kenako kumaso. Ine ndinali nditatseka maso, ndikudziuza kuti ndine mwamuna, ndalowapo m'nyumba zoyaka denga likugwa. Anapaka sopo. Ndiye pofuna kunditembenuza mutu anandigwira khutu lamanzere ndi zala ziwiri, n'kulikoka pang'ono. Akulu, Ennie ankachita chimodzimodzi, khutu lomwelo, zala zomwezo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndi kachipongwe kake ka iye yekha. Ndinalira pamaso pa apongozi, pamaso pa mzere wonse wa madzi, kulira kotulutsa mawu. Iwo anaimitsa lezala, kudikira kuti chibwano chileke kunjenjemera, n'kupitiriza. Pansi pa chibwano anameta komalizira, pang'onopang'ono, ndipo ndinamva dontho likugwera pa dzanja langa limene silinali la m'beseni.

Atamaliza anatola tsitsi lonse, ngakhale limene linagwera m'matope, n'kulikulunga m'nsalu. Anati limenelo ndi lawo, akudziwa kokalisiya. Kenako anabwerera uko kumene amakhala masiku onse, anayang'ana kumbali monga kale, n'kunena kuti, "Mwana wathu munamusunga bwino. Mvula ija simunagwetse ndinu. Takumasulani, pitani kumene akukufunani." Tiyi anakana, akuti tomato akuwadikira.

Tionge pobwera ku sukulu anaima pa geti, n'kundiyang'ana ngati mlendo wofunsa njira. Kenako anaseka mpaka chikwama kugwa. "Badadi, muoneka monga mwana." Anandisisita tsaya, ndipo kusekako kunatha. Anati umu ndi mmene ndinkaonekera amayi ake alipo.

Dzulo ndinapita kukayezedwa. Mayi uja sanandizindikire mpaka nditamuonetsa chitupa. Anandiveka masiki, kumanga zingwe kumbuyo, n'kulumikiza kapaipi ku makina amene amaona ngati mpweya wakunja ukulowa. Anandiuza kuti ndipume mwachizolowezi, kenako mozama, nditembenuze mutu uku ndi uku, ndiyang'ane kumwamba ndi pansi, ndiwerame. Pomaliza anati ndiyankhule mokweza kwa mphindi imodzi, kuti aone ngati masiki imasuntha chibwano chikamayenda. Ndinamufunsa kuti ndinene chiyani.

"Kambani vilivonse," anatero. "Olo maina ya bantu ba pa nyumba panu."

Ndinayamba ndi langa. Chabwera, Ennie, Tionge. Chabwera, Ennie, Tionge. Ndinabwereza kangapo ndisanamve chimene pakamwa panga pakunena. Mbali yotsala ya mphindiyo ndinatchula maina awiri. Galasi la masiki linachita nthunzi, koma makina anati palibe pamene pakulowa mpweya. Mayiyo anadinda pepala, n'kunena kuti mapepala anyamuka tsiku lomwelo. Ndakhoza, akulu. Dzina lanu silinagwe.

Tsopano zopempha zanga. Choyamba, muimbire apongozi, koma mutawerenga zonsezi, ndipo muyankhule ngati munthu, osati ngati sairini. Muwapepese. Mlandu ndi wanga, koma mawu amene anawalasa anatuluka pakamwa panu, ndipo iwo anawameza osadziteteza kuti asandichititse manyazi kwa mkulu wanga. Musawatumizire kanthu m'malo mwa mawu, adzakubwezerani.

Chachiwiri, mundifunsire ngati munthu watsopano angapatsidwe tchuthi mu Januwale. Ndikudziwa kuti munati gulu likachepa ngakhale ndi munthu mmodzi pa shifiti ndiye kuti lamulo laswedwa, ndipo sindikufuna kuyamba ntchito ndi madandaulo. Koma mwezi umenewo sindikufuna Tionge apite ku manda popanda ine. Ndikanyamuka iye akakhala ku Lilanda kwa agogo ake. Tinakambirana, ndipo wavomera, ngakhale akufunsa mafunso ambiri okhudza kumeneko amene ine sinditha kuyankha. Nyumba ya ku Lilanda ili m'mbali mwa tala. Galimoto iliyonse imafika pakhomo penipeni, mvula igwe isagwe. Ndinapita kukaonanso dzulo pochoka m'tauni, ngakhale ndakhala ndikupitako zaka khumi ndi chimodzi.

Chachitatu n'chaching'ono. Mundiuze ngati malezala a kumeneko ndi abwino, kapena ndigule a kuno ambiri. Mwati kwanuko munthu amameta tsiku lililonse asanalowe shifiti, ndipo ine sindinadzimetepo ndekha. M'mawa uno ndayesa, ndadzicheka pawiri.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Kabaji kamene mumati aliyense amavala pachifuwa kuti kaziwerenga poizoni amene thupi lalandira kamandisowetsa mtendere ndikakaganiza. Koma ndibwera. Mukandiika pa geti, pa pampu kapena kutsogolo, ndidzakhala wovala kale nsapato belu lisanalire.

Ba Kabaso akupereka moni, akuti mupulofeti wawo mumusamale. Amayi a Chewe a pa kiyosiki akupereka moni, nkhani ya Lachinayi aifikitsa kale mpaka ku Matero. Tionge akupereka moni, akuti mumutumizire chithunzi cha galimoto yanu yatsopano yofiira yozimitsira moto ija. Apongozi moni wawo mukaumva nokha mukawaimbira.

Mwina munaona kuti chaka chonsechi mauthenga anga ndinkamaliza ndi mawu akuti onse pakhomo pano akupereka moni. Ndinkalemba choncho kuti ndisawerenge anthu. Kale ndinkamaliza ndi moni wa mlamu wanu, iye ataima kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti sindinamuiwale. Lero moni wake palibe, akulu anga, ndipo sudzakhalaponso. Pakhomo pano tilipo awiri, ndipo tonse awiri tikukupatsani moni.

Ndine mng'ono wanu,
Chabwera